Thumba Limene Thupi Langa Linasoka

Lolemba, pa 5 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi nambala 6, pafupi ndi zenera losatseguka. Ndikulemba m'kope la miyeso ya makasitomala, kuyambira kumapeto, chifukwa ndi lokhalo linali m'chikwama. Ndine telala, zaka 26 ndili pa makina, ndipo choyamba chimene ndaona muno ndi chakuti malaya a odwala anasokedwa ndi munthu wokwiya. Mkono umodzi ndi wautali kuposa unzake.

Kutentha kwa thupi 38.4. Bipi yakwera. Bere lakumanzere lafiira m'munsi, lalimba ngati bondo, ndipo lakwera m'mwamba kusiya linzake pansi.

Ndilembe zoona, poti kope silipita kukauza anthu. Bere limenelo si langa. Langa analidula zaka khumi zapitazo chifukwa cha khansa, nkundiwotcha ndi makina awo, kenako anaikamo kathumba ka silikoni kuti zovala zizikhala bwino. Odziwa nkhaniyi ndi ine, madokotala, ndi malemu mkulu wanga amene anandidikirira nthawi imeneyo. Mwana wanga mmodzi yekhayo, amene timamutchula Kabatani, sindinamuuzepo. Anali ndi zaka 14, ali kusukulu yogonera komweko, ndipo ndinati ndapita kutali kukagula nsalu. Lero ndamuuzanso bodza lomwelo, loti ndapita kukafuna lesi ya diresi lake la ukwati.

Nesi wamagalasi anandifunsa, "Wokudikirirani ndani, mayi?" Ndinati akubwera. Pa fomu, malo a wachibale, ndalemba nambala ya kushopu kwanga, kumene kuli loko.

Lachiwiri, pa 6 Meyi

Diripi ya mankhwala opha tizilombo, katatu pa tsiku. Mtsempha anaupeza ulendo wachitatu. Kutentha 38.1.

Cha m'ma 10 ananditengera kukandijambula pachifuwa ndi kamakina koyendetsa pakhungu. Apeza madzi kuzungulira kathumba kaja. Awapopa ndi jakisoni, mamililita 60, achikasu, ndipo awatumiza kukayezedwa.

Adokotala ndi mayi wamng'ono, woti nditha kumubereka, koma amayankhula mosathamanga. Ndilemba monga anandiuzira.

"Thupi silifuna mlendo, mayi. Chinthu chachilendo chikalowa, likatha kuchitulutsa limachitulutsa. Likalephera, limachikulunga. Limapanga kachikopa kopyapyala kuzungulira kathumba konse. Zimenezo zimachitika kwa aliyense woikidwa silikoni, ndipo ambiri sizimawavuta. Koma kwa ena kachikopako kamakhuthala, nkumauma, nkumafinya kathumbako. Makamaka amene anawotchedwapo ngati inu."

"Ndiye kuti thupi landisokera laining'i, nsalu ya m'kati mwa chovala?" ndinafunsa.

Anaseka. "Laining'i yothina. Munayamba liti kuona kuti likulimba?"

"Papita zaka ziwiri."

"Ndiye munachitapo chiyani?"

"Ndinasintha mabulauzi."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Koma ndi zoona. Bere litakwera ndi theka la inchi, ndinakwezanso linzake ndi kasiponji m'kamisolo. Litakweranso, ndinasuntha msoko wa pachifuwa, nkuwonjezera kolala yaikulu. Telala thupi likasintha sakangana nalo, amasintha nsalu. Zaka ziwiri palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene anaona kanthu, ndipo ndinkanyada nazo.

Bedi nambala 7 pagona mayi amene anapuma pa uphunzitsi, tonse timangoti Aphunzitsi. Ali ndi bala la shuga kuphazi. Alendo awo ndi mudzi wathunthu: ana, azipongozi, a kwaya, ngakhale amene anawaphunzitsa kalekale. Mipando sikwana. Masana mpongozi wawo anabwera pabedi langa mwaulemu wake.

"Amayi, mpandowu pali munthu?"

"Tengani."

Anabweza atatha. Unali wofunda.

Lachitatu, pa 7 Meyi

Kutentha 37.6. Kufiira kwachepa pang'ono. Nesi anajambula mzere ndi bolopeni kuzungulira pofiirapo kuti aziona ngati pakukula. Ine ndayeza ndi tepi yanga: dzulo mainchesi anayi, lero atatu ndi theka.

Adokotala lero anabwera ndi mafunso a kumtundu. Amayi anu anamwalira ndi chiyani? Bere. Mkulu wanu? Bere lomwelo. Muli ndi mwana wamkazi? Ndinati alipo, zaka 24.

"Akudziwa za matenda a kwanuwa?"

Ndinatembenukira kuzenera.

"Ayenera kudziwa, mayi. Anthu atatu pa banja limodzi si nkhani yamasewera. Azibwera tizimuona, ndipo akamva kanthu kalikonse asachedwe."

Atachoka ndinafunda kumutu ngati ndagona. Pali chimene sindinawauze.

Masabata atatu apitawo ndinkamuyesa Kabatani diresi laukwati kushopu. Ukwati ndi wa mu Ogasiti. Ndikukoka tepi kudutsa m'khwapa lakumanzere, chala changa chinagunda kanthu kolimba m'mphepete mwa bere, kukula kwake ngati nyemba. Iye anadzidzimuka nati, "Amayi, pini ikundibaya." Pamenepo panalibe pini. Ine kanthu kotero ndimakadziwa, ndinakamvapo pathupi langa. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinasuntha msoko ndi theka la inchi kuti usamagunde pamenepo, nkumuuza kuti atembenuke ndione kumbuyo.

Kuti ndimuuze kuti akayezetse, ndiyenera kumuuza chifukwa chake ndikuchita mantha. Ndiyenera kumuuza kuti zaka khumi ndakhala ndikumunamiza. Ndikuopa nkhope yake kuposa mpeni wa adokotala.

Lachinayi, pa 8 Meyi

Kutentha 37.2. Mainchesi atatu. Phala lam'mawa linabwera lozizira.

Kabatani anaimba foni masana, alendo a Aphunzitsi atangotuluka.

"Amayi, lesi ija mwaipeza?"

"Ndikuyendabe. Zimene ndaona ndi zolimba, zingakukande."

"Mukumveka ngati muli mu holo."

"Ndi mashopu a kuno, ndi aakulu."

"Mukudya koma?"

"Ndikudya. Iwe usaiwale kuthirira maluwa."

Nditadula, Aphunzitsi anatsitsa magalasi awo mpaka pamphuno.

"Atelala, shopu yake ndi iti imene amagulitsa lesi ali pa diripi?"

"Aphunzitsi, kalasi yanu munaisiya kale."

"Ndinaisiya, koma mwana wonama ndimamudziwabe ngakhale atakhala kumbuyo. Matenda mubisa, maliro tidzamva."

Ndinawatembenukira msana mpaka madzulo. Chondikwiyitsa ndi chakuti sanalakwe. Kenako ananditumizira lalanje kudzera mwa nesi, losenda kale. Ndadya.

Ndakumbuka mmene dzina la Kabatani linayambira. Ali ndi zaka zitatu anameza batani lofiira kushopu. Bambo ake, amene nthawi imeneyo anali asanatithawe, anafuna kukomoka. Ine masiku awiri ndinkafufuza m'poti ndi kamtengo mpaka linatuluka. Ndinalitsuka, ndipo lilipobe m'kachitini ka mapini. Nthawi imeneyo sindinkaopa kuyang'ana chilichonse cha mwana wanga.

Lachisanu, pa 9 Meyi

Zotsatira za madzi aja zabwera. Mulibe khansa. Muli tizilombo, ndipo mankhwala akugwira. Ndinafuna wina woti ndimuuze nkhani yabwinoyi, ndiye ndinauza wokolopa. Anati zikomo, nkundipempha ndikweze masilipasi.

Opaleshoni ndi Lolemba m'mawa. Achotsa kathumba pamodzi ndi chikopa chonse chimene thupi linapanga. Akuti akasiya chikopacho chimapitiriza kupweteka. Pambuyo pake andiika kapaipi kotulutsa madzi, ndipo kadzachoka madziwo akatsika kufika mamililita 30 pa tsiku.

Adokotala anandifunsa ngati ndidzafune kathumba katsopano bala likapola.

"Thupi lidzakakulunganso?"

"Lidzakakulunga. Mwina mofewa, mwina mothina ngati kano. Khungu lowotchedwa silidziwika."

"Ndiye musadzaikemo. Ndatopa ndi alendo."

"Mudzakhala wopanda mbali imodzi."

"Ndine telala, adokotala."

Ndinayankha mwamatama, koma atachoka ndinagwira berelo nthawi yaitali. Ndi lolimba, ndi lozizira, limandibaya ndikagonera kumanzere, komabe zaka khumi ndi lomwe landiyendetsa pamsewu osayang'anidwa.

Loweruka, pa 10 Meyi

Kutentha 36.9. Madokotala kulibe. Wodi ili zii.

Ndasoka thumba la yunifolomu ya nesi wamagalasi, linali litayamba kuthothoka. Ndafupikitsanso mkono wa malaya anga a odwala ndi ulusi umene unatsala. Manja akakhala ndi chochita mutu umapuma.

Ndalembera Kabatani uthenga kanayi. Kanayi konse ndafufuta.

Lamulungu, pa 11 Meyi

Tsiku la alendo ambiri. Bedi lililonse lili ndi mabasiketi, mafulasiki a tiyi, nthochi, nkhuku yokazinga. A kwaya ya Aphunzitsi anaimba motsitsa mawu. Mpando wanga unapita 12 koloko, nkubwera 2 koloko, nkupitanso 4 koloko. Masiku ano safunsanso.

Mayi wina wa kwaya anaima pabedi langa nati, "Inu abale anu ali kutali?" Ndinati inde. Kuchokera pano kukafika kunyumba kwanga ndi mphindi makumi anayi pa basi.

Ndasungulumwa lero. Palibe wondithawa, ndine ndinatseka chitseko ndekha, koma kusungulumwa sikufunsa kuti wayamba ndani.

Osadya kanthu kuyambira 10 koloko usiku. Wosayina fomu ya opaleshoni ndi ine ndekha.

Lolemba, pa 12 Meyi

Ananditenga 8 koloko. Ndinadzuka cha m'ma 1. Pakhosi pouma. Ndasanza kawiri.

Pachifuwa andimanga bandeji yothina. Kapaipi kakutulukira m'khwapa kupita m'kabotolo.

Potsegula maso ndinayang'ana pampando. Sindikudziwa kuti ndimayembekeza ndani.

Lachiwiri, pa 13 Meyi

Kabotolo: mamililita 140, ofiira. Mapilisi a ululu maola asanu ndi limodzi alionse. Dzanja lakumanzere lisapitirire phewa. Ndayenda mpaka kubafa, nesi atandigwira.

Adokotala anabwera ndi chithunzi pafoni yawo, poti ndinawapempha ndisanagone. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Chikopa chija ndi thumba lenileni, lotuwa, lokhuthala ngati nsalu ya tenti, lopanda msoko, lopanda pakamwa. Zaka 26 pa makina sindinasokepo chinthu chotsekeka chotero. Atalicheka pakati, m'kati munali mokakala ngati chikhokhombe cha dzira, akuti ndi laimu amene thupi limaunjika pa chipsera chakale. Kathumba ka silikoni kanali katapindika chifukwa chofinyidwa, ndipo pa mpindo umodzi kanang'ambika pang'ono. Silikoni sanamwazike, chikopacho ndi chimene chinamugwira.

"Ndiye chinandithandiza?" ndinafunsa.

"Chinakuthandizani, chinakupwetekaninso. Chinali chitamatirira kunthiti, tinavutika nacho maola atatu. Mukanabwera zaka ziwiri zapitazo ikanakhala ntchito yaing'ono."

Anazimitsa foni, nkundifunsa mwakachetechete, "Mwana uja mwamuuza?"

Ndinati ayi. Kenako pakamwa panatseguka pokha, ndinawauza za kanthu konga nyemba kaja, ndi tepi, ndi msoko. Sanandikalipire. Anangolemba pakapepala kuti kiliniki ya mabere ndi Lachisanu m'mawa, chipinda nambala 12, nkundiikira m'kope muno.

"Zambiri zotero pa msinkhu wake sizikhala khansa, mayi. Koma ine sindiyeza munthu ali kunyumba."

Zengerezu analinda kwawukwawu. Masabata anayi atha kale chigundireni chala changa pamenepo. Kanthu kaja sikakudikira kuti manyazi anga athe.

Lachitatu, pa 14 Meyi

Kabotolo: mamililita 95, ayamba kuyera.

Ndaimba 9 koloko m'mawa, ndisanasinthe maganizo. Anali kuntchito.

"Kabatani, sindili kogula lesi."

"Muli kuti?"

"Kuchipatala. Wodi ya amayi, bedi nambala 6. Andichita opaleshoni Lolemba. Ndili bwino. Bwera ndikuuze zina."

Ndinamva akupuma. Kenako foni inaduka. Ndaimbanso kawiri, sakuyankha.

Masana ndinakhala tsonga, nditapesa tsitsi, maso pakhomo. Analowa a Aphunzitsi, analowa a bedi nambala 2, analowa wogulitsa nyuzipepala. Madzulo chimodzimodzi. Belu lotulutsa alendo litalira ndinagona choyang'ana kukhoma ndipo ndinalira, pang'onopang'ono, poti bala silifuna kugwedezeka. Kabatani ali ndi ufulu wokwiya.

Lachinayi, pa 15 Meyi

Kabotolo: mamililita 60.

Nthawi ya alendo masana mpongozi uja anabwera kudzanyamula mpando monga mwa masiku onse. Aphunzitsi anamuletsa ali pabedi pawo.

"Usiye pomwepo. Lero uli ndi mwini wake."

"Nanga agogo akhala pati?"

"Akhale pabedi. Ndati usiye."

Mpando unakhala wopanda munthu mpaka belu. Ndinachita manyazi kuposa masiku amene ankautenga.

Kabatani anabwera madzulo, patatsala theka la ola. Anavala siketi yabuluu imene ndinamusokera chaka chatha, m'manja muli jumbo ya buledi ndi mkaka. Sanandipatse moni. Anakhala pampando, nkuyang'ana bandeji, nkuyang'ana kabotolo.

Ndinayamba monga ndinakonzekera. Ndinati zaka khumi zapitazo, uli kusukulu, sindinapite kogula nsalu. Anandidula.

"Ndikudziwa, amayi."

"Ukudziwa chiyani?"

"Zonse. Ndili ndi zaka 16 ndinapeza khadi lanu lachipatala m'kabati ya mapatani. Makamisolo anu amachapa ndani? Timasiponji tija mumaganiza kuti sindinkationa? Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti mundiuze. Dzulo ndinafika mpaka pageti, ndinabwerera, chifukwa ndikanalowa ndikanakutukwanani muli ndi bala."

"Ndinkafuna usamaope."

"Ndinkaopa ndekha. Inu kuchipinda kwanu, ine kwanga."

Ndinamugwira dzanja, sanalichotse, koma sanandigwirenso.

"Pali china," ndinatero. "Tsiku lija ndinkakuyesa diresi, panalibe pini."

Anayang'ana pansi. "Kalipo kuyambira Febuluwale."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinaona chala chanu chitaima pamenepo. Ndinati tsopano amayi anena. Ndiye munasuntha msoko. Ndinangoti, basi, ndiye kuti pakhomo pathu pano timatero."

Mawu amenewo andilowa kuposa mpeni wa Lolemba. Ndinkaganiza kuti ndikumubisira matenda, pamene ndinkamuphunzitsa kubisa. Make mbuu, mwana mbuu.

Ndinatulutsa kapepala ka adokotala nkumupatsa. Anakawerenga kawiri.

"Mwamuna wako wamuuza?"

"Ayi. Bwanji akapeza kuti ndi chomwecho, ukwati uli pafupi?"

"Akapeza, tidziwa. Diresi limadikira, ndine ndikulisoka. Umuuze lero lomwe, usachite zanga."

Belu linalira. Anaimirira, nkundikonzera pilo mwaukali ngati akumenya munthu. Pakhomo anatembenuka.

"Malaya amenewo mwawasoka ndinu, eti? Ndi okhawo olingana mikono muno."

Aphunzitsi anachita ngati akuwerenga nyuzipepala, itazondoka.

Lachisanu, pa 16 Meyi

Kabotolo: mamililita 45. Kapaipi kakhalabe mpaka Lamulungu kapena Lolemba.

Nesi wamagalasi anati sindikuloledwa kutuluka muwodi. Ndinamukumbutsa thumba lake lija. Anati mphindi makumi atatu, ndipo ndikagwa sakundidziwa. Kabotolo ndinakaika m'jumbo ya buledi, nkukoleka pamkono.

Kuchokera pabedi nambala 6 kukafika kuchipinda nambala 12 ndi makonde awiri aatali. Ndinapuma katatu. Mbali yakumanzere ya malaya inali pepepe, yopanda kanthu, ndipo anthu ankayang'ana. Ayang'ane.

Ndinamupeza Kabatani pabenchi, atavala kale malaya a odwala, mkono umodzi ukulendewera kupitirira chigongono. Maso otupa. Anati mwamuna wake wamuuza, akupempha chilolezo kuntchito, afika mochedwerapo. Anasuntha kundipatsa malo. Ndinaika dzanja pa mwendo wake.

Akuti amujambula kaye, kenako atenga kanyama pang'ono ndi jakisoni, ndipo zotsatira zidzatuluka pakatha masiku khumi. Sindikudziwa zimene zidzatuluke. Ndikuopa kwambiri, ndipo ndamuuza kuti ndikuopa. Iyenso wandiuza.

Nesi wa kumeneko anatuluka ndi fomu nkuyamba kumufunsa zaka, kumene amakhala, matenda a kumtundu. Pa funso limenelo Kabatani anandiyang'ana. Ndinayankha ndine, mokweza, benchi yonse ikumva: agogo ake, amayi ake aakulu, ndi ine amayi ake, bere lakumanzere, zaka khumi zapitazo. Nesiyo analemba, osadzutsa mutu.

"Wokudikirirani ndani, achemwali?"

"Ndine," ndinatero.

Anayang'ana malaya anga a odwala, masilipasi, ndi jumbo ya kabotolo pamkono.

"Inu si odwala, mayi?"

"Ndine wodwala. Lembani bedi nambala 6, mukandifuna mundipeza pamenepo."